Momwe Buku Lidafikira Munthu Wamba

Mabuku asadabwere

Makolo athu adalibe mabuku, koma sadali mbuli. Mbiri ya mafumu, malire a minda, mankhwala a zitsamba, nyimbo za maliro ndi malangizo a kuchinamwali, zonsezi ankazisunga m'mutu. Gogo ankauza mdzukulu, mdzukuluyo akakula n'kuuzanso ake.

Nthano zinkakambidwa madzulo, makamaka dzinthu zikalowa m'nkhokwe. Wokamba akati, "Padangokhala," ana ankavomera kuti, "Tili tonse." Imeneyo idali sukulu ndithu. Vuto lake lidali limodzi. Nkhalamba ikamwalira isadaphunzitse wina, zonse zimene inkadziwa zinkapita nayo kumanda.

Amishoni ndi makina osindikizira

Amishoni a Livingstonia adafika ku Cape Maclear m'chaka cha 1875. A Blantyre Mission adakhazikika mu 1876. A mpingo wa Dutch Reformed adayamba ntchito ku Mvera mu 1889, kenako ku Nkhoma mu 1896. Onsewa adatsegula sukulu. Ankafuna kuti anthu azitha kuwerenga okha Mawu a Mulungu. Adabweretsanso makina osindikizira mabuku, ndipo adaphunzitsa anyamata a kuno kugwiritsa ntchito makinawo.

M'chaka cha 1892, m'busa David Clement Scott wa ku Blantyre adatulutsa buku lalikulu lotanthauzira mawu a Chimang'anja. Mu 1922 ntchito yomasulira Baibulo lonse m'Chinyanja idatha. Limeneli ndiye Buku Lopatulika limene ambiri timalidziwa. Adatsogolera ntchitoyo ndi m'busa William Murray, koma sadaigwire yekha. Aphunzitsi ndi akulu a mpingo a kuno kwathu ndiwo ankamuuza mawu oyenera ndi osayenera. N'zomvetsa chisoni kuti mayina awo satchulidwa kawirikawiri.

M'nyumba zambiri za Akhristu mudali mabuku awiri okha: Baibulo ndi buku la nyimbo. Mabuku ena adali m'makalabu a Azungu ku Zomba ndi ku Blantyre, ndipo ankawerenga ndi eni kalabu okha. Munthu wakuda ankatha kusesa m'chipinda cha mabukucho, koma osakhala pansi n'kutsegula buku.

Kalata ya Chilembwe

John Chilembwe adaphunzira ku Lynchburg, m'dziko la America. Atabwerera mu 1900 adayambitsa mpingo wa Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu. Adamanga tchalitchi cha njerwa ndi kutsegula sukulu zingapo.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba mu 1914, atsamunda ankatenga anyamata athu kukamenya nkhondo ndi kukanyamula katundu. Chilembwe adalemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times. Adafunsa chifukwa chimene anthu osauka a kuno ayenera kufera nkhondo yosawakhudza. Boma lidaletsa kuti kalatayo ifalikire. Mu Januwale 1915 Chilembwe ndi anthu ake adaukira atsamunda, ndipo pambuyo pake iye adaphedwa.

Ambiri timakumbukira za kuukirako. Tizikumbukiranso kuti asadagwire chida, Chilembwe adayamba wagwira cholembera, ndipo boma lidaopa pepala lakelo.

Mphunzitsi wa ku Nkhoma

Samuel Josia Ntara adabadwa mu 1905. Adali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Bungwe lina la ku London lidachititsa mpikisano wolemba mabuku m'ziyankhulo za mu Africa. Ntara adalemba nkhani ya munthu wa kumudzi, kuyambira kubadwa kwake mpaka imfa yake, ndipo adapata mphotho. Bukulo ndi Nthondo, ndipo lidasindikizidwa mu 1933. Chaka chotsatira Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi.

Apa ndi pamene anthu adaona kuti moyo wa pamudzi, ukwati, milandu ya pabwalo ndi ulendo wokafuna ntchito kutali, nazonso n'zoyenera kulembedwa m'buku. Ntara adalembanso Mbiri ya Achewa. Kuti alembe bukuli adafunsa mafumu ndi nkhalamba zimene zinkadziwa za kale. Zimene zikadapita kumanda zidatsala papepala.

Mu 1948 ku Lusaka kudatsegulidwa ofesi yosindikiza mabuku a Northern Rhodesia ndi Nyasaland, maiko amene lero ndi Zambia ndi Malawi. Mabuku a Chinyanja ankawerengedwa mbali zonse ziwiri za malire, poti chiyankhulo n'chimodzi.

Lamulo la 1967

Dziko lathu lidalandira ufulu pa 6 Julayi 1964. Patatha zaka zitatu, mu 1967, Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa bungwe la National Library Service. Bungweli lidayamba ntchito mu 1968. Ntchito yake ndi kutsegula ndi kuyendetsa malaibulale a anthu onse m'dziko muno.

Laibulale ndi nyumba yosungiramo mabuku kuti anthu aziwerenga ndi kubwereka. Si sitolo. Buku la mu laibulale sagula. Munthu amaliwerenga, akamaliza amalibweza kuti mnzake naye awerenge. Buku limodzi limatha kudutsa m'manja mwa anthu ambirimbiri.

Likulu la bungweli lili ku City Centre mu mzinda wa Lilongwe. Nthambi zake zili ku Blantyre, ku Mzuzu ndi m'maboma ena. Kumene kulibe nthambi, bungweli limatumiza mabuku m'sukulu, m'ndende ndi m'malo ena osonkhanira anthu, kuti kumeneko kukhale kalaibulale kakang'ono.

Ndalama zoyendetsera bungweli zimachokera ku boma, ndipo ndalama za boma ndi misonkho yathu. Mukagula shuga kapena mayunitsi a foni mumalipira msonkho. Choncho laibulale si ya anthu ophunzira okha. Mlimi wa fodya wa ku Dowa ndi mayi wogulitsa usipa ku Nkhotakota nawonso ndi eni ake. Mabuku ambiri amachokeranso kwa abwenzi akunja, monga bungwe la Book Aid International la ku Britain ndi la CODE la ku Canada. Ndi thandizo la CODE, bungwe la malaibulale lidasindikiza timabuku ta ana totchedwa Werengani, tolembedwa ndi Amalawi.

Zaka za mantha

Chaka chomwecho cha 1968, pamene malaibulale ankayamba ntchito, boma lidakhazikitsanso lamulo loletsa mabuku, mafilimu ndi nyimbo zimene silidakondwere nazo. Padali bungwe loona buku lililonse lisadaloledwe. Mabuku ambiri adaletsedwa. Wopezeka nalo buku loletsedwa ankatha kumangidwa.

Jack Mapanje, mlakatuli amene ankaphunzitsa ku Chancellor College ku Zomba, adatulutsa buku la ndakatulo mu 1981. Bukulo lidachotsedwa m'masitolo ndi m'sukulu. Mu 1987 iye adamangidwa ndipo adakhala m'ndende ya Mikuyu mpaka 1991, osazengedwa mlandu.

Pa 8 Malichi 1992 maepiskopi a mpingo wa Katolika adatulutsa kalata imene idawerengedwa m'matchalitchi awo onse. Idanena poyera za umphawi, malipiro ochepa ndi kumanga anthu popanda mlandu. Boma lidalengeza kuti kusunga kalatayo ndi mlandu. Koma anthu adali atamva kale, ndipo ankapatsirana mobisa. Pa 14 Juni 1993 Amalawi adavotera ndale za zipani zambiri. Lero malamulo aakulu a dziko lino amapatsa aliyense ufulu wolankhula, wolemba ndi wofalitsa maganizo ake. Ufulu umenewu udabwera ena atavutikira.

Sukulu za kwacha

Ambiri mwa ife sitidapite kusukulu tili ana, kapena tidalekezera panjira. Ena fizi idasowa. Ena ankaweta ng'ombe. Atsikana ambiri adakwatiwa msanga. Sukulu ya pulayimale idakhala yaulere mu 1994, koma kwa ambiri idabwera mochedwa.

Mipingo ndi boma akhala akuphunzitsa akuluakulu kuyambira kale. Mu 1986 boma lidayambitsa ndondomeko ya dziko lonse yophunzitsa akuluakulu kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera. Awa ndi makalasi amene timawatcha sukulu za kwacha. Ambiri adaphunzira ndi buku la Chuma ndi Moyo. Ophunzira ochuluka m'makalasi amenewa ndi amayi. Abambo ena amachita manyazi kukhala pamkeka umodzi ndi akazi awo. Manyazi otere sathandiza, chifukwa pepala la ngongole kapena la malo likabwera silisankha kuti uyu ndi bambo.

Aphunzitsi adazindikira chinthu china. Munthu akamaliza kalasi n'kusowa chowerenga, pakapita nthawi amaiwala zilembo. Kuwerenga kuli ngati khasu: likakhala osalimira limachita dzimbiri. N'chifukwa chake m'madera ena a kumidzi mudatsegulidwa malo owerengerako, kumene omaliza sukulu ya kwacha amapeza timabuku ta ulimi, zaumoyo ndi bizinesi, komanso nyuzipepala ya Chichewa ya Boma Lathu.

Mnyamata wa ku Wimbe

Nkhani iyi idachitika ku Kasungu, ndipo ndi yoona.

William Kamkwamba adabadwa mu 1987. Kwawo ndi m'mudzi wa Masitala, kufupi ndi Wimbe. Makolo ake ndi alimi. M'chaka cha 2001 chimanga sichidachite bwino, ndipo kumayambiriro kwa 2002 njala idavuta kwambiri. Amene mudaliko mukukumbukira: mizere italiitali pa ADMARC, anthu akudya gaga ndi mizu, ena akugulitsa mbuzi ndi ziwiya pamtengo wolira. Banja la William linkadya kamodzi patsiku. Iye adali atangoyamba sekondale pa Kachokolo, koma fizi idasowa ndipo adasiya sukulu.

Pa sukulu ya pulayimale ya Wimbe padali kalaibulale kakang'ono ka mashelufu ochepa. Mabuku ake adali ochokera ku America. William adayamba kupitako kuti asatsalire m'mbuyo pamene anzake ali m'kalasi. Chingerezi sankachidziwa bwino. Ankayang'ana zithunzi ndi zojambula, n'kumafufuza tanthauzo la mawu amodziamodzi. Mayi woyang'anira laibulaleyo ankamuthandiza mawu akamukanika.

Tsiku lina adapeza buku lotchedwa Using Energy. Pachikuto pake padali chithunzi cha makina ataliatali okhala ndi mapiko ozungulira ndi mphepo. Bukulo lidafotokoza kuti makina otere amapanga magetsi ndipo amatha kupopa madzi. William adaganiza za kwawo, kumene mphepo imaomba nthawi zambiri, koma magetsi kulibe ndipo mbewu zimauma m'munda.

Ndalama adalibe. Adapita kumalo otayirako zitsulo zakale n'kumatola. Adapeza chokupizira mphepo cha thirakitala. Adatenga njinga yakale ya bambo ake. Mapaipi a pulasitiki adawang'amba, n'kuwawotcha pamoto kuti awongoke, akhale mapiko. Nsanja adamanga ndi mitengo ya bulugamu. Mnzake wina adamuthandiza kugula dayinamo ya njinga, ija imayatsa nyali njinga ikamayenda. Anthu pamudzi ankamuseka. Ena ankati wapenga, ena ankati akusuta chamba. Ngakhale mayi ake adada nkhawa.

Makina atatha, anthu adasonkhana kudzaona. Mphepo idaomba, mapiko adazungulira, ndipo babu lidayaka m'manja mwake. Pa nthawiyo William adali ndi zaka 14. Pambuyo pake adalumikiza mababu m'nyumba ndi wailesi, ndipo omwe ankamuseka aja adayamba kubwera kudzatchajitsa mafoni.

Mu 2006 nyuzipepala ya Daily Times idalemba za iye. Mu 2007 adaitanidwa kukalankhula pa msonkhano waukulu ku Arusha, m'dziko la Tanzania. Anthu akufuna kwabwino adamulipirira sukulu, ndipo adamaliza maphunziro ake ku Dartmouth College ku America mu 2014. Kwawo adaikanso makina opopa madzi. Buku la moyo wake, limene adalemba ndi Bryan Mealer, lidatuluka mu 2009, ndipo filimu yake idatuluka mu 2019.

Laibulale ya ku Wimbe idalibe kompyuta kapena nyumba yapamwamba. Idali ndi mabuku ochepa, chitseko chotsegula, ndi munthu amene sadathamangitse mwana wosiya sukulu.

Moto

Mabuku amatha kutha tsiku limodzi. Mu 1919 moto udatentha maofesi a boma ku Zomba, ndipo makalata ambiri a zaka zoyamba za utsamunda adapsa. Lero zolemba zakale za dziko lino zimasungidwa ku National Archives, ku Zomba komweko. Mabuku ena akale a mbiri ya Malawi ali m'laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu mzinda wa Blantyre.

Pa 18 Disembala 2015 laibulale ya Mzuzu University idapsa. Mabuku pafupifupi 45,000 adasanduka phulusa, pamodzi ndi zolemba za Amalawi zimene n'zovuta kuzipezanso. Ophunzira adasowa powerengera. Anthu a m'dziko muno ndi akunja adasonkha mabuku kuti sukuluyo iyambirenso.

Koma mabuku ambiri satha ndi moto. Amatha ndi chiswe, denga lodontha, ndi anthu obwereka osabweza. Ena amang'amba masamba kukulungira mandasi kapena fodya. Wong'amba tsamba limodzi walanda aliyense amene akadawerenga bukulo pambuyo pake.

Nthano zilowa m'laibulale

Zaka zapitazo bungwe la malaibulale, mogwirizana ndi ofesi ya UNESCO ya m'dziko muno, lidatumiza anthu m'midzi ndi makamera. Ankajambula agogo akukamba nthano m'ziyankhulo zawo: Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena, Chitonga ndi zina. Kenako adayamba kujambulanso nyimbo za makolo. Ku laibulale ya ku Lilongwe ana adayamba kusonkhana kudzamvera nthano zimenezi.

Ntchito imeneyi ndi yofunika. Ana ambiri a m'tauni akukula kutali ndi agogo awo, ndipo madzulo amathera pa wailesi ya kanema kapena pafoni. Inu amene mukudziwa nthano za kalulu, fisi ndi kamba, ndipo tsopano mwaphunzira kulemba, mungathe kulemba imodzi m'kope. Zilembo zikhote, palibe kanthu. Mdzukulu wanu adzaiwerenga.

Muwerenge chiyani?

Yambani ndi zazifupi. Timabuku ta ana ta Werengani tili ndi zilembo zazikulu ndi zithunzi. Si chamanyazi munthu wamkulu kuwerenga buku la ana. Werengani pamodzi ndi mwana wanu, muzithandizana.

Mukazolowera, funsani Nzeru za Kale, buku la miyambi la Stevenson Kumakanga. Miyambi yambiri mukuidziwa kale, choncho maso sadzavutika kutsata zimene khutu lidamva. Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe limakamba za makhalidwe ndi miyambo ya Achewa. Gwengwe yemweyo adalemba Sikusinja ndi Gwenembe, limene ambiri adaliwerenga kusukulu. Okonda nkhani zazitali afunse mabuku a Willie Zingani, monga Njala Bwana ndi Madzi Akatayika, kapena a Jolly Max Ntaba, monga Mtima Sukhuta. Okonda mbiri ayese Mbiri ya Achewa la Ntara, koma limafuna kudekha. Mawu akakuvutani, pali Mtanthauziramawu wa Chinyanja, buku lomasulira mawu a chiyankhulo chathu m'chiyankhulo chathu chomwe.

Ena mwa mabukuwa ndi osowa masiku ano, chifukwa sasindikizidwanso kawirikawiri. Mabuku ambiri m'malaibulale athu ndi a Chingerezi. Ichi ndi chilema chachikulu. Funsanibe mabuku a Chichewa ndi a ziyankhulo zina zathu. Oyang'anira akaona kuti anthu akuwafuna, amakhala ndi ponenera akamapempha mabuku atsopano.

Musaiwale zowerenga za tsiku ndi tsiku: malangizo a pa thumba la feteleza, buku la kusikelo ya mwana, kalata ya kusukulu, uthenga wa ndalama pafoni, ndi pepala lovotera.

Chaka cha wowerenga

Dzinja ndi nthawi ya khasu. Kuyambira Disembala mpaka Malichi munthu amabwera kumunda atatopa, ndipo makalasi ambiri amachepa anthu. Komabe m'miyezi imeneyi muli masiku ofunika. Pa 15 Januwale timakumbukira John Chilembwe. Pa 3 Malichi timakumbukira amene adafera ufulu mu 1959, monga anthu amene adawomberedwa pa doko la Nkhata Bay. Masiku amenewa asamangokhala opumula. Kalasi ingathe kuwerenga tsamba limodzi la mbiri n'kukambirana. Pa 21 Febuluwale dziko lonse lapansi limalemekeza ziyankhulo za makolo, ndipo pa 23 Epulo ndi tsiku la mabuku.

Tikakolola, nthawi imapezeka. Iyi ndiyo nyengo yabwino yobwereka buku lalitali. Ndi nyengonso ya miyambo. Mu Ogasiti Angoni a ku Mzimba amasonkhana pa phiri la Hora pa mwambo wa Umthetho. Kumapeto kwa mwezi womwewo Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amapita ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, kukachita Kulamba pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Mafumu amapereka mphatso ndi kufotokoza momwe anthu awo akukhalira, ndipo Gule Wamkulu amavinidwa. Angoni a kwa Gomani amakumana ku Ntcheu pa Umhlangano. Mu Okutobala Alomwe amasonkhana pa Chonde ku Mulanje, kumene amavina tchopa.

Bungwe la UNESCO lidalemekeza Gule Wamkulu ndi Vimbuza mu 2005 monga chuma cha anthu onse a padziko. Amene angathe kufika ku Mua m'boma la Dedza akaone nyumba ya Chamare, kumene kuli zosema ndi zithunzi zofotokoza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Musadapite ku mwambo wa mtundu wanu, werengani za chiyambi chake. Werenganinso za mwambo wa anzanu a mtundu wina. Anthu odziwana miyambo sanyozana msanga.

Pa 8 Sepitembala ndi tsiku lokumbukira kufunika kodziwa kulemba ndi kuwerenga. Limeneli ndi tsiku lanu. Ophunzira a sukulu za kwacha amaimirira pamaso pa mafumu ndi alendo, n'kuwerenga mokweza kapena kulemba mayina awo pa bolodi. Mayi amene kale ankadinda ndi chala amasayina yekha anthu akuona.

Ulendo woyamba

Ngati pafupi nanu pali laibulale, lowani. Simufunika suti kapena satifiketi. Uzani woyang'anira kuti mwangophunzira kumene kuwerenga ndipo mukufuna buku losavuta la Chichewa. Kuthandiza anthu otere ndiyo ntchito yake. Mukafuna kupita nalo buku kunyumba, adzakuuzani za kulembetsa dzina ndi tsiku lobwezera. Kunyumba lisungeni m'pepala la pulasitiki, patali ndi madzi, moto ndi ana aang'ono.

Ngati laibulale ili kutali, kambiranani m'kalasi mwanu. Mphunzitsi wanu, mfumu ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi angathe kulemba kalata kwa mlangizi wa chitukuko kapena ku nthambi ya National Library Service, kupempha mabuku. Adzafuna kudziwa kumene mabukuwo adzasungidwe ndi amene adzawayang'anire. Chipinda cha pa tchalitchi, pa mzikiti kapena pa sukulu chimakwanira, chikakhala ndi denga losadontha ndi loko. Sankhani munthu wokhulupirika, mum'patse kope lolembamo dzina la wobwereka, dzina la buku ndi tsiku lobweza. Kalata yopemphayo mulembe nokha, ndipo aliyense wa m'kalasi asayinepo dzina lake.